Zomwe banki nkhonde ya amayi inandiphunzitsa pa nkhani ya khodi

Sabata yathayi mnyamata wina wa yaro (chaka choyamba ku koleji) anandipeza ku lab ndikulimbana ndi pulojekiti yanga ya finale (chaka chomaliza), nde akuti akuluakulu, ine ndikufuna ndikadzamaliza pano ndidzapeze ntchito ya software, ndiyambe kuphunzira chani, Python kapena Java, kapena ndingolowa za Flutter poti aliyense akukamba zimenezo. Ndinamuyankha mwachidule poti nthawi inali itanditheratu, koma usiku onse funso lija limangozungulira m'mutu, chifukwa inenso ndinafunsapo chimodzimodzi ndili yaro ndipo yankho lomwe ndinalandira linali mndandanda wa ma language basi. Nde ndati ndikhale pansi ndilembe bwinobwino, mwina iyeyo ndi anzake ena ziwathandiza.

Ine ndinalowa koleji mu 2022 ndisanalembepo khodi, malangizo omwe timalembera kompyuta, ngakhale mzere umodzi. Laputopu inali ThinkPad yakale yomwe amalume anandigulira kwa anthu ogulitsa zogwiritsidwapo kale ntchito, RAM 4GB, batire limatha mphindi 40 zisanakwane. Chaka chimenecho ndi chija namondwe Ana anaononga ku Kapichira, magetsi amazima maola ambirimbiri, nde moyo unali othamangira pomwe pali soketi yamoyo. M'kalasi munali masamu okhaokha, calculus, discrete maths, ndi programming yoyambirira ija yopanga print ma triangle a nyenyezi, ndipo mtima onse unali pa kuopa sapu (mayeso obwereza ukalephera) ndi kuwidedwa (kuchotsedwa sukulu), zomwe ndi zomveka, aliyense amene anabwera pa loni ndi ndalama zosonkherana pa mtundu amadziwa kulemera kwake. Ndinakhoza bwino ndithu. Koma chaka chitatha munthu akanandiuza kuti tapanga kanthu koti wina agwiritse ntchito, sindikanadziwa poyambira. Ndimadziwa kulemba loop, koma kuti loop imeneyo ikakumane bwanji ndi munthu weniweni, zimenezo ayi.

Zinasintha pa holide ya chaka cha conti (chaka chachiwiri) nditapita kumudzi. Amayi anga ndi mlembi wa banki nkhonde ya azimayi kwathuko, amakumana Lachinayi lililonse masana pakhonde pa a tcheya. Amene simunakhalepo pafupi ndi magulu amenewa, zimayenda chonchi, aliyense amagula masheya sabata ndi sabata malinga ndi mmene thumba lilili, ofuna ngongole amatenga n'kudzabweza ndi chiwongola dzanja, wochedwa ku msonkhano kapena kubweza amapereka chindapusa, pamakhalanso kandalama kapadera kothandizira maliro ndi matenda. Ndalama zimakhala m'bokosi la maloko atatu, makiyi ake amasunga anthu atatu osiyana kuti wina asatsegule yekha. Ikafika Disembala amagawana zonse, aliyense molingana ndi masheya ake. Nde nthawi yogawana ikayandikira amayi amakhala usiku ndi tochi, buku la hadikava ndi kalukuleta yaing'ono ija, kuwonkhetsa mizere ya chaka chonse kawiri katatu, akasemphana penapake kuyambiranso. Ndinawayang'ana tsiku lina ndinati amayi, izi kompyuta ingathe kuzichita kamodzinkamodzi. Anangoti chabwino mwana wanga, tapanga tione.

Choyamba chomwe ndinapanga chinali chotengera ma tutorial a pa YouTube. Website ya React, kumbuyo Node, munthu alowe ndi imelo ndi pasiwedi, mitundu yokongola, ma graph oyenda okha. Ndinatenga masabata atatu. Nditawaonetsa amayi anandifunsa funso limodzi lokha, kodi izi zigwira pakhonde paja, poti paja netiweki imachita kufunidwa ndipo bandulo ya sabata iliyonse agule ndani. M'gulu la anthu 24, a foni za tachi anali atatu, ena onse za mabatani, ndipo wa imelo panalibe. Apa mpomwe ndinazindikira kuti ndinapanga chinthu cha munthu wongomuganizira m'mutu, pomwe anthu eniakewo anali pafupi nane tsiku lililonse ndipo sindinawafunse kanthu.

Lachinayi lotsatira ndinapempha kuti ndikakhale nawo pa msonkhano. Ndinakhala pambali pa mkeka ndi kope langa, kumangolemba zomwe zikuchitika. Ndinaona kuti mlembi amaitana dzina, mwini wake amaponya ndalama m'mbale pamaso pa onse, owerenga awiri amawerenga mokweza, kenako zimalembedwa. Palibe chimachitika mobisa, ndipo chimene chimagwira gululo ndi chimenecho, kuti aliyense waona ndi maso ake. Nde pulogalamu yanga imayenera kulowa m'dongosolo limenelo osalisokoneza, zilembo zikuluzikulu zoti foni ikazungulira aliyense awerenge ngakhale a maso ovuta, mawu a Chichewa omwe iwowo amagwiritsa ntchito, sheya, ngongole, chiwongola dzanja, chindapusa, osati zanga za "transaction" zija. Ndinayambiranso, ulendo uno app ya Android yosafuna intaneti olo pang'ono, zonse zikusungidwa m'foni momwemo mu SQLite. Android Studio pa 4GB ndi mazunzo, emulator, foni yoyeserera ya pa kompyuta, sindimayerekeza n'komwe, ndimangolumikiza foni ya amayi ndi kebulo kumayesera pomwepo.

Vuto loyamba linatuluka tsiku lolembetsa mayina. M'gulumo muli a Nabanda awiri, ndipo ine mu table yanga ndinaika dzina ngati primary key, chizindikiro chomwe sichiyenera kufanana pa anthu awiri, nde wachiwiriyo app imamukana kuti alipo kale. Ku kalasi ya database a lekichala anakambapo zimenezi momveka bwino, ndinalemba mayeso n'kukhoza, koma ndinazimvetsa tsiku limenelo, mayi wamkulu atakhala patsogolo panga akudikira kuti dzina lawo lilowe. Ndinakakonza usiku, aliyense anapatsidwa nambala yake.

Koma lomwe sindidzaiwala ndi la pa Disembala. Tsiku logawana azimayi anavala zitenje zofanana, kunaphikidwa mpunga, bokosi linatsegulidwa, ndalama zinawerengedwa zonse n'kuikidwa milumilu pa mkeka. App inawerengera mtengo wa sheya imodzi, n'kutulutsa kuti uyu alandira zakuti, uyu zakuti. Anayamba kuika m'ma envelopu. Kufika pa anthu awiri omaliza, ndalama zinaperewera ndi K400. Pakhonde panangoti zii. A tcheya sanayankhule kanthu, koma maso a anthu onse anapita kwa msungichuma, mayi wachikulire amene wasunga bokosi limenelo zaka zambiri popanda dandaulo, ndipo ndinaona manja awo akunjenjemera akuwerenganso mulu omwe anali atauwerenga kale. K400 si ndalama yoti n'kugulira chinthu cholozeka masiku ano, koma pa banki nkhonde ndalama ikasowa imasowa ndi mbiri ya munthu. Amayi anatsegula hadikava yawo, poti sanasiye kulemba ngakhale app inalipo, anawonkhetsa mwakachetechete n'kunena kuti m'bokosimu ndalama ndi zokwana ndendende, cholakwika chili pa kagawidweka. Ndinaimirira n'kupepesa pamaso pa onse, makamaka kwa msungichuma, ndinati amayi mundikhululukire, walakwa ndine, si inu. Anandiyankha kuti zamveka mwana wanga, ukakonze. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Nditafufuza ndinapeza zinthu ziwiri. Choyamba, poti ndalama zachitsulo sizipezekapezeka, ndinauza pulogalamu kuti gawo la aliyense ilifikitse pa K50 yapafupi, nde ena limakwera ena limatsika, ndipo tsiku limenelo okwera anachuluka, kuwonkhetsa zonse zinaposa zomwe zinali m'bokosi. Azimayiwo ali ndi lamulo lawo kalekale, amatsitsa onse, zotsalazo amayambira nazo chaka chinacho, ine sindinafunse. Chachiwiri, ndalama ndimazisunga ngati float, mtundu wa nambala ya madesimo pa kompyuta. Amene muli ndi kompyuta pafupi tsegulani Python kapena console ya browser mulembe 0.1 + 0.2, ikupatsani 0.30000000000000004. Si kuti kompyuta yaonongeka, ndi mmene manambala a madesimo amasungidwira mu binary pa muyezo wa IEEE 754, ena sangakwanemo ndendende ngati mmene 1 kugawa ndi 3 samathera tikamalemba pa pepala. Float ya 32 bit imangosunga madijiti pafupifupi 7 molondola, nde ndalama zikafika mamiliyoni ma tambala amayamba kusokonekera. Zimenezi tinaphunzira mu computer architecture, zinali pa slide, ine ndimaziona ngati zongolowezera mayeso. Ndinasintha zonse, ndalama tsopano zimasungidwa ngati nambala yathunthu ya ma tambala, kugawa kumatsitsa nthawi zonse, ndipo pansi pa sikirini pamaoneka zotsala kuti onse azione. Ndinalembanso ma unit test anga oyamba m'moyo, timakhodi toyesa ngati khodi ina ikugwira bwino, imodzi mwa iwo imangoona chinthu chimodzi, kuti zogawidwa kuphatikiza zotsala zikufanana ndi za m'bokosi. Kenako ndinaonjezera batani lotulutsa fayilo ya CSV yoti amayi azinditumizira pa WhatsApp mwezi uliwonse, poti foni itati yagwera m'madzi kapena yabedwa chaka chonse chimapita nayo limodzi.

Ndafotokoza zonsezi motalika chifukwa pamene ndimafuna malo a attachment chaka chachitatu, chinandilowetsa ndi kanthu kameneka. Ndinalemba makalata ambiri, ambiri sanayankhidwe, kampani imodzi yaing'ono ku Blantyre inandiitana. Ndinapita nditakonzeka kukamba za magiredi, koma mkulu amene amandifunsayo anangoyang'ana transcript kamodzi n'kuiika pambali, akuti tationetsa chomwe unapangapo. Ndinatsegula GitHub, website yomwe ndimasungako khodi yanga. Anayendayenda mu ma commit, mbiri ya zomwe ndinkasintha mu khodi, mpaka anaima pa ina yomwe ndinalemba kuti ndakonza rounding ya pogawana, nde anandifunsa kuti apa chinachitika n'chani. Ndinafotokoza za K400 ija, za msungichuma, za float, ndipo tinakhala pamenepo mphindi zoposa 20, iwonso kumandiuza zomwe anakumana nazo pa ma system a ndalama. Sanandifunse kuti ndimadziwa ma language angati.

Ku attachment kuja ndinaphunzira china chomwe ku sukulu sitichita kwenikweni, kuwerenga khodi ya anthu ena. Ku kalasi assignment iliyonse imayambira pa fayilo yopanda kanthu, umalemba wekha, ukapereka basi yatha suidzaionanso. Ku ntchito ndinapatsidwa system ya PHP pa Laravel yolembedwa ndi anthu angapo omwe ena anachoka kale, n'kundiuza kuti ripoti iyi ikutulutsa madeti olakwika tapeza chifukwa. Masiku anayi ndimangowerenga, kutsatira kuti function iyi ikuitana iti, zosintha zake zinali mizere iwiri yokha. Git nayo, chida chosungira mbiri ya zosintha mu khodi, ndimaganiza kuti ndimaidziwa poti ndimatha add, commit ndi push, koma branch, pull request, merge conflict, wina kukuwerengera khodi n'kukubwezera kuti konza apa, zonsezo ndinaziyambira konko. Git anailemba Linus Torvalds mu 2005 kuti anthu ambirimbiri azitha kugwira ntchito limodzi pa Linux, cholinga chake ndi chimenecho, kugwira ndi anthu, nde ma group project a ku kalasi aja m'malo momatumizirana zip pa WhatsApp yolembedwa final kenako final2, tsegulani repo imodzi, malo amodzi osungira khodi ya gulu lonse, muzivutika nayo panopa pomwe palibe kasitomala akudikira. Ndipo poti ndatchula ma group project, khalidwe lija lomapatsa atsikana ntchito yolemba ripoti yokha anyamata n'kugwira kiyibodi ndi loipa, tikuwamana anzathu chinthu chomwe anabwerera kuno. M'kalasi mwathu amene amatithandiza tonse pa data structures ndi mtsikana.

Tsono za zipangizo, ndikudziwa zimapweteka. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya ma laputopu inangouluka, ndipo ndili ndi anzanga amene akudikirabe kuti adzayamba zenizeni akadzapeza makina amphamvu. Musadikire. Ine ndinasunga pang'onopang'ono n'kuonjezera RAM kufika 8GB, ndinaikamo SSD yaing'ono, ndinachotsa Windows n'kuika Linux Mint, makina omwe aja anasanduka ena, ndipo mwa njira imeneyo ndinazolowera terminal, yomwe ku ntchito imafunika tsiku lililonse poti ma server ambiri ndi a Linux. Pa bandulo napo pali njira. Ine ndi mesho wanga, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, timapita pa wifi ya pa kampasi usiku anthu atachepa, kutsitsa maphunziro a CS50 a ku Harvard omwe ndi aulere, kumagawana pa flash. DevDocs imalola kusunga ma documentation mu browser kuti uziwerenga popanda intaneti, inandipulumutsa kumudzi kuja. GitHub ali ndi Student Developer Pack, ukatsimikiza kuti ndiwe wophunzira amakupatsa zida zina zomwe ena amalipira.

Wina afunsa za ChatGPT ndi anzake, poti inatuluka kumapeto kwa 2022 ife tili yaro ndipo takula nayo. Ndimagwiritsa ntchito, sindinganame, imandifotokozera error yomwe ndakanika kuimva komanso imandifupikitsira ntchito zobwerezabwereza. Koma ndaona anzanga akupereka pulojekiti yonse yomwe sangathe kufotokoza mzere ndi umodzi omwe, a lekichala akangofunsa kuti apa bwanji unasankha chonchi, zii. Lamulo lomwe ndinadziikira ndi loti ndiyese kaye ndekha, ndikakanika ndifunse, ndipo chilichonse chomwe sindikuchimvetsa sichilowa mu khodi yanga. Lamulo la azimayi aja loti zotsala amayambira nazo chaka china silinalembedwe pa intaneti paliponse, limadziwika ndi amene anakhala pa mkeka paja.

Chinanso, tisamangoyang'ana ku Google ndi ku Microsoft ngati kuti kuno kulibe chochita. Ma system a zaumoyo okha muno m'Malawi ndi dziko lalikulu. Baobab Health Trust anayamba kalekale kuika ma kompyuta a tachi m'zipatala olembera odwala, unduna wa zaumoyo umagwiritsa ntchito DHIS2, system yosonkhanitsira ziwerengero za zaumoyo yomwe inachokera ku University of Oslo, palinso OpenMRS, yosungira mbiri ya odwala, yomwe imagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri a mu Africa. DHIS2 ndi OpenMRS ndi open source, khodi yake ili poyera pa GitHub, munthu utha kuitsitsa, kuiwerenga, kukonza kavuto kakang'ono n'kutumiza. OpenMRS yakhala ikutenga nawo mbali mu Google Summer of Code, komwe amakulipira ukamagwira pulojekiti kwa miyezi ingapo uli kwanu konkuno, mafomu ake amatsegulidwa cha mu Malichi koma amene amatengedwa nthawi zambiri ndi omwe anayamba kale kuonekera m'gulumo miyezi ya m'mbuyo. Kwa asisi athu palinso Outreachy, pulogalamu ina yofanana nayo. Pa nkhani ya ndalama, taganizani kuti anthu angati amadina *211# kapena *444# tsiku lililonse pa foni ya mabatani, kumbuyo kwa timamenyu ta USSD timeneto kuli ma server, ma database, anthu oyang'anira chitetezo ndi netiweki. Munthu wodziwa kulumikiza system ndi Airtel Money kapena Mpamba sasowa chochita. Ndipo si tonse tidzakhale olemba ma app, ena mitu yawo imagwira bwino pa networking, ena pa data, ena pa security, zaka zinayizi ndi nthawi yolawa zonse kuti udziwe komwe mtima wako uli. Amene muli pafupi ndi Lilongwe kuli mHub, malo okumanirako anthu a za tekinoloje, yomwe anayambitsa a Rachel Sibande mu 2013, kumpoto kuli Mzuzu E-Hub, kukakhala zochitika pitani, kaya muli ku UNIMA, MUBAS, MUST kapena Mzuni, ntchito zambiri za attachment zimamveka pakamwa zisanafike mu nyuzipepala.

Ma kosi a m'kalasi musawapeputse chifukwa choti wina pa YouTube wanena kuti digiri ndi yosafunika. Ine amene anandipulumutsa ndi omwe ndimawaona ngati otopetsa aja, database, architecture, ndipo panopa operating systems ndi networks ndikuziona phindu lake pa pulojekiti ya finale. Ma framework amasintha, zomwe zinali m'fasho ndili yaro zina anthu asiya kale kuzikamba, koma primary key ikadali primary key. Chomwe ndikunena ndi choti pambali pa kalasi mukhale ndi kanthu kamodzi kanu, kakang'ono, komwe munthu weniweni akugwiritsa ntchito ndipo angakuimbireni foni kakaonongeka. Kaya ndi kaundula wa katundu wa mu golosale ya azakhali, kaya ndandanda wa zopereka za kwaya ku tchalitchi, kaya ka system kolembera mafizi pa sukulu ya mkaka ya pafupi ndi kwanu. Language yake sankhani yomwe mukuphunzira kale m'kalasi, musataye semesita mukuyerekeza kuti yabwino ndi iti.

Mnyamata wa yaro uja ndamuuza kuti tikumane Loweruka abwere ndi dzina la munthu mmodzi wa kwawo amene amavutika ndi buku ndi kalukuleta, tikayambire pamenepo. App ya banki nkhonde ikugwirabe ntchito, amayi amalembabe mu hadikava pambali pake ndipo ndinawapempha kuti asadzasiye. Mwezi watha anandiimbira kuti gulu la mudzi woyandikana nalo laiona ndipo likuifuna, koma iwowo chiwongola dzanja chawo ndi chosiyana ndi cha kwathu komanso amakumana kawiri pa mwezi. Nditatsegula khodi ndapeza kuti 20 peresenti ya chiwongola dzanja chathu ndinailemba ngati nambala yokhazikika m'malo asanu osiyana, nde usiku uno ndikuichotsamo kuti gulu lililonse lizidziikira lokha, kenako holide ikubwerayi ndikakhale nawo kaye pa msonkhano wawo ndisanakhudze china chilichonse.